Msuweni wa ku Mississippi

Odessa anatiimbira foni patapita miyezi ingapo bambo anga, a Virgil Pettway, omwe ankayendetsa basi, atamwalira. Anati ndi msuweni wathu wa ku Mississippi, agogo ake ndi agogo anga obereka bambo anali pachibale, ndipo uthenga wa maliro unamupeza mochedwa. Ankafuna kudzapepesa, komanso kudzaona Chicago, poti chibadwire anali asanapondeko.

Amayi anavomera pomwepo. Ine ndinakana.

"Munthu sitinamumvepo n'kale lomwe, inu mukumuyalira bedi? Amayi, masiku ano anthu amasakasaka nyumba za akazi amasiye."

"Charlene, ukayamba kulankhula umakhala ngati wapolisi," anatero amayi. "Akabwera ukamuonetse tauni."

Anafika Lachisanu, mayi wa msinkhu wanga, wamtali, wa mawu otsika. Anabweretsa keke yophika yekha. Ankayankha chilichonse mwaulemu, mwina mopitirira, ndipo pamene amayi ankapakula chakudya ndinamupeza ataima pabalaza akuyang'anitsitsa zithunzi za pakhoma. Usiku umenewo ndinakiya chipinda chomwe timasungamo mapepala a bambo.

M'mawa mwake tinakwera sitima ya m'mwamba kupita m'tauni. Chinthu choyamba chondikayikitsa ndinachiona pa siteshoni. Alendo amaima paliponse, sitima ikafika n'kumathamangira chitseko. Odessa anangoyenda pang'onopang'ono n'kukaima kumapeto, ndipo chitseko chinatseguka pamaso pake penipeni. Ndinati mwina zangochitika.

Tinayambira pa Nyemba, chipilala chachitsulo chonyezimira chija aliyense amajambulitsapo. Anthu anali pikitipikiti, ana asukulu, a ku Korea atanyamula timitengo tojambulira, banja lina likukangana za amene watseka maso. Odessa anachita zonse zomwe mlendo amachita. Anagwira pakamwa, anati "Ambuye wanga, kukongola kwake!" ndipo anandipempha kuti ndimujambule. Koma anadabwa mochedwa, ngati munthu amene wakumbukira kuti akuyenera kudabwa.

Tikutsika mumsewu wa Michigan, pa ngodya ina pamene mphepo ya kunyanja imawomba modzidzimutsa, iye anagwira chipewa chake tisanakhote. Mphepo inatipeza iye atakonzeka kale. Mzibambo wina patsogolo pathu anathamangitsa chake mpaka pakati pa msewu.

"Mwadziwa bwanji kuti pali mphepo?" ndinafunsa.

"Aa, msuweni, Chicago ndi mphepo si nkhani yodziwika?" Anaseka, koma sanandiyang'ane.

Masana tinaima pa kangolo ka soseji. Wogulitsa, nkhalamba yonenepa ya chipewa cha timu ya mpira, ankaseka mlendo aliyense wopempha tomato sosi. "Pitani nazo kwanu zimenezo, kuno sitiwononga nyama!" Itafika nthawi ya Odessa, anangoti, "Ikanimo zonse, tsabola achuluke."

"Uyu ndiye mwana wa pakhomo!" inatero nkhalambayo. "Mumakhala mbali iti, mayi?"

"Ndine mlendo," anayankha msangamsanga.

Soseji yanga sindinaimve kukoma. Ndinkaganiza za amayi ali okha kunyumba. Bwanji ngati mayiyu wanditulutsa dala kuti anzake akagogode? Ndinalowa m'sitolo ngati ndikufuna chimbudzi, n'kuwaimbira.

"Muli bwino? Palibe wabwera?"

"Wabwera ndi mphaka wa aneba, Mayi Okonski, basi. Wamukweza boti?"

Boti la pa mtsinje ndinamukweza. Mtsikana wofotokozera alendo ankatchula nyumba zitalizitali imodziimodzi, anthu makosi ali m'mwamba, mafoni ali m'mwamba. Odessa yekha ankayang'ana m'madzi. Titadutsa pansi pa mlatho wina anatukula mutu, n'kuyang'ana malo okwerera basi omwe anali pamtunda mpaka anabisika. Pamenepo palibe choti mlendo angaone, koma kabenchi ndi chikwangwani.

Titatsika ndinamutchera msampha. Ndinati tipite ku nsanja yaitali ija yokhala ndi khonde la galasi, koma ndinakhotera dala kumpoto, njira yolakwika. Anayenda nane pang'ono, mapazi akulemera, kenaka anaima.

"Kodi ku Sears si uku?"

Ndinatembenuka. Dzina limenelo analichotsa pa nsanjayo kalekale. Pa mapu a alendo ndi pa matikiti pali dzina lina. Amene timatchulabe lakalelo ndi ife tinakulira muno.

"Mayi, ndinu ndani?" ndinatero. "Musandinamizenso. Mwaima poyenera pa sitima, mphepo mukuidziwa, soseji mukuidziwa. Mukufuna chiyani kwa amayi anga? Mukapanda kunena, chikwama chanu mukachipeza panja."

Anakhala pa khoma lalifupi la maluwa. Gulu la alendo ovala malaya ofanana linatidutsa, wotsogolera atakweza ambulera yofiira.

"Ndinabadwira mu Chicago momwe muno, ku West Side," anatero. "Ku Mississippi ndinapita ndili mtsikana, mayi anga atadwala. Kumeneko ndiye ndimakhaladi, pamenepo sindinaname."

"Nanga za chibalezo?"

"Chibale chilipo, koma si cha agogo. Virgil Pettway anali bambo anga."

Ndinaseka, kuseka koipa. "Bambo anga? Munthu amene ankachoka pa basi n'kulunjika kunyumba, Lamlungu kutchalitchi?"

"Loweruka bwanji?"

Loweruka bambo ankati akugwira maola owonjezera.

"Ankatipeza pa siteji ija ya pa mlatho," anatero Odessa. "Ine ndi mayi anga tinkakwera basi yawo, n'kukhala kumbuyo kwa mpando wa dalaivala mpaka kumapeto kwa msewu, n'kubwereranso. Ankandigulira chimanga chokazinga cha shuga. Kunyumba kwathu sanagonepo. Dzina lanu ndinalidziwa ndisanadziwe kuwerenga."

"Ndiye mwabwera kudzatenga gawo lanu."

"Ndili ndi nyumba yanga, Charlene, ndi ana awiri akuluakulu. Ndimafuna kuona pamene ankakhala akavula yunifolomu. Ndikanati ndinene zoona pa foni, mukanandilola kulowa?"

Sindikanamulola. Koma sindinamukhulupirirenso. Aliyense angathe kuwerenga chidziwitso cha maliro n'kupeka nkhani ya basi. Ku nsanja sitinapiteko. Tinabwerera pa sitima, iye mpando wake, ine wanga.

Amayi tinawapeza akusenda mbatata kukhitchini. Ndinayamba kufotokoza mokweza, mawu akuphonyana, koma anandidula.

"Khala pansi, Odessa. Mayi ako anali Lucille, si choncho? Wa kansalu kobiriwira kumutu."

Odessa anagwedeza mutu, misozi ili mbwembwembwe.

"Amayi, mumadziwa?" ndinafunsa.

"Ndinakwera basi ya bambo ako Loweruka lina, iwe uli ndi chikuku, ndikupita kukagula mankhwala. Ndinakaona kamwana kakuwagwira phewa. Ndinatsika pa siteji yotsatira."

"Osanena kanthu zaka zonsezi?"

"Kwa iwo ndinanena zambiri. Kwa iwe ndikananena chiyani?" Anapatsa Odessa mpeni wina. "Ndithandize apa, mwanawe. Manja angawa atopa."

Ndinatuluka n'kukakhala pa masitepe a kuseri mpaka chakudya chinapsa. Ndinkawamva akulankhula motsitsa, nthawi ina mpaka anaseka, ndipo sindinadziwe kuti mwa atatuwo, bambo, amayi ndi mlendoyo, ndikwiyire ndani.

Lolemba, asanakwere basi ya kwawo, ndinamuuza kuti ndikufuna tikayezetse magazi. Sanakhumudwe. Anati nayenso akanatero. Zotsatira zitabwera zinasonyeza zomwe amayi ankadziwa kale.

Sanapemphepo kanthu mpaka lero, ngakhale chithunzi chimodzi. Mawu oti mchemwali sanatulukebe pakamwa panga. Mwana wake wamkazi akukwatiwa mu Okutobala, ndipo amayi agula kale nsalu ya diresi. Akuti ndikawaperekeze, poti miyendo yawo siilolanso ulendo wautali ali okha. Ndawauza kuti ndiganizira, koma tchuthi kuntchito ndapempha.