Msonkho wa Mwana Amene Sanabwere

Lorinda anamva nkhaniyi kwa mnzake wa kufakitale pa nthawi ya nkhomaliro. Akuti boma limabweza, kudzera pa msonkho, ndalama zimene munthu waononga pofuna kutenga mwana woti akhale wake, ngakhale mwanayo alephereke. Tsiku limenelo chakudya sanachimalize.

Panali patadutsa zaka zisanu chichitikire zawozo. Iye ndi mwamuna wake Merle anagulitsa galimoto, anakongola kubanki, analipira bungwe lopezera anthu ana ndi loya, analipiriranso chipatala mtsikana wina wa ku Dayton amene analonjeza kuwapatsa mwana akabadwa. Mwana anabadwadi, wamkazi. Lorinda anamufungata masiku awiri. Tsiku lachitatu mtsikana uja anasintha maganizo, ndipo lamulo linali kumbali yake. Lorinda ndi Merle anabwerera kwawo manja lende, kampando ka mwana kali kumbuyo kwa galimoto yobwereka.

Tsopano bungwe lina linali litavomera kuwalemba pa mndandanda wa ofuna mwana. Koma bungwelo sililandira munthu amene wakwanitsa zaka makumi anayi ndi zisanu, ndipo Lorinda ankazikwanitsa mu Ogasiti. Ndalama zoyambira analibe. Mtima wake wonse unali pa msonkho uja.

Kwawoko za msonkho zinali za Merle, ngati kutchetcha kapinga. Chaka ndi chaka ankapita yekha ku kaofesi ka Bambo Hutchins, wolembera anthu zamisonkho. Ulendo uno Lorinda anatsogola yekha, atakumbatira bokosi la nsapato lodzaza malisiti. Merle ankatsatira m'mbuyo mokoka miyendo, ngati akupita kokazula dzino.

Bambo Hutchins bokosilo sanalitsegule n'komwe.

“Mayi, pepani. Msonkho wakale umakonzedwa pasanathe zaka zitatu chiuperekere. Khomo lanu linatsekeka mu Epulo wapitayu.”

“Epulo uti? Wa dzanadzanayu?”

“Womwewo. Madzi akatayika saoleka, mayi.”

Lorinda magazi anamuwira.

“Miyambi kauzeni ana anu! Chaka ndi chaka timakulipirani, osatiuza bwanji? Kapena ntchito yanu pano ndi kumwa khofi?”

Mkuluyo anavula magalasi n'kuyang'ana Merle. Merle anayang'ana nsapato zake.

“Bambowa ndinkawauza, mayi. Chaka chilichonse fomu ndinkawaikira patebulo pomwepa, ndi cholembera chomwe.”

Lorinda anatembenuka pang'onopang'ono. Munthu ameneyu ankagwira ntchito ziwiri kuti abweze ngongole ija, ankavala jekete long'ambika nyengo yonse yozizira, pamene ndalama zinkangomudikira patebulo.

“Merle, n'zoona zimenezi?”



“Iwe Merle! Ndikulankhula ndi iwe.”

“Pamzere woyamba amafuna dzina la mwana,” anatero Merle, mawu ali pansipansi. “Ndikafika pamenepo dzanja limakana.”

“Dzanja likakana osabwera nayo kwa ine bwanji? Ine manja ndilibe?”

“Unanena wekha, Lorinda. Tsiku lomwe tinabwerako lija. Unati dzina limenelo lisadzamvekenso m'nyumba mwako.”

Lorinda anakumbukira. Ananenadi zimenezo, ataima pakhomo pa kachipinda ka mwana kamene anapaka penti yachikasu. Anangonena ndi ululu wa tsikulo, mawa lake n'kuiwala. Merle ndiye sanaiwale, anasunga mawuwo ngati lamulo, ndipo lamulolo linawadyera mwayi wotsiriza. Lorinda analibenso woti amukalipire, ndipo chimenecho ndicho chinamupweteka koposa.

Bambo Hutchins anakankhira bokosi lija kwa mwini wake, mwaulemu ndithu, nati ulendo uno salipiritsa.

Panja dzuwa linali likuswa mtengo. Analowa m'galimoto, Merle anagwira chiwongolero koma sanalize injini.

“Nanga kubungwe kuja tiwauze chiyani?”

Lorinda anatsamira pagalasi la pawindo, bokosi lili pamiyendo.

“Uwaimbire foni ndiwe. Uwauze kuti malo athu apatse ena.”