Suti ya Umboni

Shopu ya telala wina wamkazi inali kachipinda kamodzi pansi pa masitepe a nyumba yosanja, pakati pa wokonza mafoni ndi wometa tsitsi. Munali tebulo lodulirapo nsalu, ayironi, kalilole wobenthuka pakona, ndi makina osokera amagetsi amene mayiyo ankawapukuta m'mawa uliwonse asanadziyang'ane n'komwe pakalilolepo. Makina amenewo ndiwo analera mlongo wake wamng'ono makolo atamwalira. Fizi, nsapato, ngakhale laisensi ya galimoto, zonse zinatuluka pansi pa singano imeneyo.

Mlongoyo anali mphunzitsi pasukulu yoyendetsa galimoto, koma anthu ankangomutchula kuti Mawa, poti ukamufunsa zako yankho linali lomwelo. Anali munthu wansangala, wa mano oyera, wodziwa kupepesa mpaka iwe wokongoletsawe n'kumva ngati walakwa ndiwe. Ngongole anali nazo paliponse: kugolosale, kwa wamatayala, kwa mwini nyumba, ndi kwa katapila wina wa maso ofiira amene anali atayamba kumudikirira pageti la kuntchito.

Chaka china kutchalitchi kunayamba maphunziro a Lachitatu lililonse, a kasamalidwe ka ndalama mwachikhristu. Wophunzitsa anali mkulu wa mpingo wina amene anapuma ntchito kubanki, bambo wofatsa woyenda ndi zolembera zitatu m'thumba la shati. Tisawanamizire, zimene ankaphunzitsa zinali zanzeru. Lemba ngongole zako zonse papepala, pakuti chosalembedwa sichibwezedwa. Yamba ndi yaing'ono, ukaimaliza uikhwatche, upite pa yotsatira. Malipiro uwagawe m'maenvulopu: chakhumi, lendi, chakudya, ngongole. Envulopu ikatha, yatha, usakabe m'inzake. Ankakondanso kunena kuti wangongole ndi kapolo, ndipo Mkhristu asatsale ndi ngongole ina koma ya chikondi yokha.

Mawa anawagwira maphunzirowo ndi manja awiri. Anasiya zokazinga zapamsewu, nayamba kupita kuntchito wapansi, munthu wophunzitsa anzake galimoto. Ngongole zing'onozing'ono zinayambadi kugwa. Koma ya katapila inkabereka ngati mbewa, ndipo tsiku lina masana Mawa anatulukira kushopu, n'kukhala pa mulu wa nsalu za makasitomala.

"Achemwali, Mulungu wandionetsa njira," anatero. "Pali bungwe lobwereketsa ndalama, chiwongoladzanja chake n'chaumunthu. Ine sangandipatse, dzina langa linada. Koma inu muli ndi makina. Mungowalembetsa ngati chikole, sawanyamula ayi. Katapila ndimutseke pakamwa, ndiye mwezi ndi mwezi ndizikupatsani yokabweza."

"Mwezi ndi mwezi, kapena mawa ndi mawa?"

"Aaa, achemwali! Uja anali munthu wakale."

Telala anadziwa kuti chifundo chinapha nkhwali. Anadziwanso kuti katapila uja anathyolapo munthu dzanja. Anasaina.

Mwezi woyamba Mawa anabweretsa yonse, atapinda bwino mu envulopu. Wachiwiri anabweretsa theka. Wachitatu anabweretsa moni. Telala anayamba kuthira zake, za lendi ya shopu ndi za ulusi, koma nthawi ya mayunifomu inali itadutsa, ndipo zigamba ndi mazipi sizibweza ngongole ya bungwe.

Tsiku lina Mawa anabwera kudzaonetsa pepala lake lija. Panali mayina asanu ndi awiri, asanu ndi limodzi okhwatchidwa ndi cholembera chofiira, la katapila lokhwatchidwa kawiri. Telala analiwerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, nalitembenuza kuti aone kuseri.

"Nanga ine ndili pati?"

Mawa anadabwa zenizeni, mpaka anagwira pachifuwa.

"Inu? Ndikulembeni pamzere umodzi ndi wamatayala? Chipongwe chimenecho sindingachite. Inu ndi magazi anga. Akulu a mpingo anati ngongole ya chikondi ndi yokhayo yosatha. Yanu ndi imeneyo, achemwali, ndidzafa nayo."

"N'zimene ndikuopazo," anatero telala, koma makina anali akulira ndipo mlongo wakeyo sanamve.

Kalata ya bungwe inafika Lachiwiri lina. Inali yaulemu kwambiri, yoyamba ndi kumufunira moyo wabwino, yomaliza ndi kunena kuti ngati zotsalira za miyezi itatu sizilipidwa, Lolemba adzatenga chikole. Tsiku lomwelo, ngati kuti anapangana, Mawa analowa ndi nsalu yotuwa yamtengo wapatali pansi pa mkono.

"Ndagula kashi," anatero monyadira, akuonetsa lisiti. "Ndakhwatcha dzina lomaliza. Lamulungu ndikupereka umboni pamaso pa mpingo wonse. Mundisokere suti, achemwali, ya munthu womasuka."

Telala anamupatsa kalata ija. Mawa anaiwerenga, nkhope inagwa pang'ono, kenako inadzukanso.

"Satana sasangalala munthu akamamasuka. Koma vuto ndi lakuti envulopu ya mwezi uno yatha. Ndipo ikatha, yatha. Ndikayamba kuba m'inzake ndabwerera kwa Farao. Mwambo, achemwali, mwambo. Tipemphere, tiona mawa. Jeketeyo ikhale ya mabatani awiri."

Mungafunse kuti n'chifukwa chiyani mayiyo sanamuponyere nsaluyo kumaso. Nayenso ankadzifunsa, tepi ili kale pamapewa a mlongo wakeyo. Mapewa amenewo anawayeza koyamba ali a mwana wa zaka zisanu ndi zinayi wopanda mayi, ndipo manja ake anali asanaphunzire kuwakana. Anadula, anasoka, anasita. Ngati inali ntchito yomaliza ya makina ake, anafuna ikhale yosachititsa manyazi, ndipo inatulukadi suti yoti munthu ukaivala anthu amakupatsa mpando.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza. Mawa anakwera kutsogolo suti ikuwala, natenga maikolofoni ngati anabadwa nayo. Anafotokoza za katapila pageti, anthu anati, "Iiii!" Anafotokoza za kuyenda wapansi nsapato zikutha, anthu anati, "Zoona!" Anafotokoza za maenvulopu. Pofika pa momwe ngongole yaikulu inagwera, anangoti, "Ambuye anatsegula khomo pamene panalibe khomo." Khomolo linali litakhala pabenchi yachitatu, litavala duku, chikwama chili pamaondo. Kenako Mawa anakweza pepala la mayina asanu ndi awiri, naling'amba pakati, nang'ambanso. Mpingo unaimirira, amayi analuluta, woimba kiyibodi anagunda zala zonse nthawi imodzi.

Phokoso litazizira, mkulu wa mpingo uja anapukuta magalasi ake, misozi ili m'maso, pakuti anali munthu wokonda ophunzira ake.

"Tsopano," anatero, "ngati alipo pakati pathu amene akadali m'maunyolo a ngongole, asachite manyazi. Abwere, m'bale wathu womasukayu amusanjike manja."

Anthu anayamba kuwerenga nsapato zawo. Theka la tchalitchi linali loyenera kuimirira, koma anaimirira ndi telala yekha. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kutsogolo, nagwada.

Mawa anayang'ana kukhomo. Koma maso onse anali pa iye, ndipo anaika dzanja pamutu pa mchemwali wake.

"Mayiwa timawadziwa, ndi olimbika ntchito," anatero mkulu wa mpingo mokoma mtima. "Anthu a ntchito zamanja nthawi zambiri amagwa chifukwa cha ena osawalipira. M'bale, pempherani kuti aliyense amene wasunga ndalama za mayiwa asapeze tulo mpaka atabweza."

Telala anatsegula diso limodzi. Pamphuno pake penipeni panali mkono wa jekete, mabatani anayi ang'onoang'ono amene anawasoka yekha pamanja Lachisanu. Maikolofoni inali pafupi, akanangokweza mutu n'kunena mawu asanu, nkhani yonse ikanathera pomwepo. Mtima unamuwawa kwambiri, ukali ndi chisoni zitasakanikirana. Koma kumuvula pagulu mwana amene unamuveka wekha n'kovuta, ndipo anatsekanso diso lija.

Mawa anapemphera. Poyamba mawu ankanjenjemera, koma pemphero lili ngati galimoto, likangolowa giya limapita. Anadzudzula makasitomala osalipira, anamanga mzimu wa umphawi, anapempha kuti wosunga ndalama za mdzakazi wa Ambuye bedi limutenthe. Telala anayankha "Ameni" wamphamvu kuposa wa mpingo wonse, mpaka dzanja la pamutu pake linadzidzimuka.

Potuluka Mawa anazunguliridwa ndi anthu ofuna kumugwira chanza, ena akufunsa kumene anasoketsa suti. Anangomukodola mchemwali wake chapatali, milomo ikunena mawu amodzi amene sanafunike kumveka.

Lolemba anthu a bungwe anafika nthawi yake. Anali awiri, aulemu ngati kalata yawo. Anamulola telala kuchotsa ulusi ndi bobini, anakulunga chingwe chamagetsi bwinobwino, nanyamula makina ndi tebulo lake lomwe. Wometa tsitsi anazimitsa wailesi. Pansi panatsala timabwalo tinayi toyera pamene panali miyendo.

Mawa anatulukira Lachinayi, thalauza la suti lili m'jumbo.

"Achemwali, zayenda! Matchalitchi awiri andiitana ndikapereke umboni. Koma thalauzali likundithina m'chiuno, mukudziwa munthu ukakhala ndi mtendere thupi limabwera. Mungolimasula pang'ono…" Anaima, maso ali patimabwalo tija. "Makina ali kuti?"

"Apita kukapereka umboni."

Mawa anaseka pang'ono, kuseka kunafera pakhosi. Anayang'ana kuseri kwa chitseko, ngati kuti makina angabisale kumeneko. Kenako anakhala pansi, pasimenti penipeni, jumbo ili pamiyendo.

"Ndimaganiza kuti amangoopseza," anatero motsitsa mawu.

Telala anatenga cholembera. Anang'amba tsamba m'buku la miyeso ya makasitomala, nalemba pamwamba dzina lake lonse, limene mlongo wakeyo sanalitchulepo chibadwire. Pansi pake analemba mtengo wa makina, miyezi imene anathira zake, ndi kusoka suti ya mabatani awiri. Anawonkhetsa kawiri, pakuti m'zaka makumi awiri anali asanamulembepo mwanayu ngakhale mtengo wa pensulo.

"Akulu a mpingo aja amaphunzitsa zoona," anatero pomupatsa. "Chosalembedwa sichibwezedwa. Chikondi usandibwezere, n'chako. Izi ubweze. Uyambe ndi yaing'ono, ndi sutiyo."

Mawa analiyang'ana tsambalo nthawi yaitali. Kunja wokonza mafoni ankakangana ndi kasitomala za batire.

"Ndiye Lamulungu ndikanene chiyani, achemwali? Anthu akundidikira."

Telala anatenga thalauza lija m'jumbo, nalitembenuza, nayamba kuphwasula msoko wa m'chiuno ndi kalumo. Anatulutsa singano yamanja pakolala ya bulauzi yake, nanyowetsa ulusi pamilomo.

"Ukanene kuti yatsala imodzi," anatero.