Amuna anga anasosa m'nyanja

Mphepo ya mwera itayamba, mabwato onse a pachilumba pathu anakokeredwa kumtunda, ndipo nkhani ya ndiwo inagwera ine. Nyanja yathu yamchereyi ikaphwa ndinkapita pamalo athu a miyala kukatola nkhono ndi nkhanu. Koma chaka chimenecho ndinkabwerako chimanjamanja, ana n'kumadyera chinangwa mchere wokha.

Wopalamula ndinkagona naye nyumba imodzi. Amuna anga, a Selemane, anakulira kumtunda kwa alimi a thonje, ndiye nditadwala malungo anati akanditolere. Thandizo lake! Anatenga chitsulo, n'kugudubuza mwala uliwonse, ina n'kuiunjika pambali ngati akusosa m'munda.

"Ndakuyeretserani, mayi a Ancha," anatero monyadira. "Panali zonyansa zokhazokha, zoterera, zina zofiira. Ndapala zonse."

Ndinalankhula mpaka kummero kuuma, koma iwo ankangoti nkhanu zathawa mphepo. Nditatopa ndinakaitana aneba athu, mayi Atija, a mu komiti ya usodzi. Mayiwa anatengera amuna anga pamalo awo, n'kudzutsa mwala umodzi pang'onopang'ono.

"Alamu, weramani. Msana suthyoka. Mukuona chiyani?"

"Zonyansa zomwe zija."

"Zamoyo izi! Zofewazi zikupuma, iti ndi tinkhono, awa ndi mazira. Zapansi zimafuna mthunzi, zapamwamba zimafuna kuwala. Mukasiya mwala chagada, mwapha zonse ziwiri. Ndiye tinkhanu ndi tinsomba tidye chiyani, tibisale pati?"

"Aaa, zimeranso izi, ngati udzu."

"Udzu umamera ndi mvula imodzi, alamu. Izi zimatenga zaka."

Apa m'pamene a Selemane anavomera kulakwa kwawo. Ine mtima unkachita kuwira, chifukwa n'zomwezo ndinawauza m'nyumba, koma zinafunika pakamwa pa mkazi wa eni kuti zimveke.

Komiti inatseka malo athu kuti apume, ndipo mayi Atija anandilola kutolera kwawo. Amuna anga anabweza miyala ija umodziumodzi, monga inakhalira kale, asodzi akuwakuwiza: "Mlimi, mukolola liti miyalayo?" Chaka choyamba panalibe chooneka. Mwera wachitatu usanathe, miyala inavalanso, ndipo ndinabwera ndi nkhanu zokwana ife ndi aneba omwe.

Tsopano vuto ndi lina. Bambowa amandilondola pambuyo ngati wapolisi, ine amene ndinabadwira pano.

"Mwala uwo mwaubweza bwino, mayi a Ancha?"

Ndimabwerera kukauonetsetsa, chifukwa akunena zoona. Mukadzutsa mwala m'nyanja, tengani chomwe mwadzera, musaupale, musausunthe, ndipo ubwezeni mmene munaupezera. Chakudya cha ana anu chimayambira pansi pa mwalawo.