Khitchini ya kwa Ndevu

Tandiyankhani inu odziwa kuwerenga: ndi nyumba yanji imene inandidyetsa, inandipatsa mwamuna, koma pakhomo lake lakumaso ndinadzalowa itafa kale? Mwagonja? Ndi hotela ya kwa Ndevu, kuno ku Samanga, m'dziko la Ashona.

Anaimanga mzungu wandevu kuti mabwana a kumunda wa tiyi azimweramo. Ife a ku Nyasalande ndi ku Mozambiki tinkagula mowa pakawindo kakumbuyo, titaima m'matope. Pakawindo pomwepo ndi pamene ndinaonera Marcel, khukhi wa ku Milanje. Ndinayamba kukonda dzanja lake, nkhope ndinadzaiona pambuyo.

Ufulu utabwera azungu anachoka, hotela inasanduka bala ya aliyense. Ine sindinalowebe, Marcel ankati mkazi wa khukhi savina ndi zidakwa. Kenaka ndalama inafa, bala inatsekedwa, malata anayamba kuuluka okha. Marcel anamwalira chaka chomwecho. Ndinatsala m'khitchini yake. Ana tinalibe. Ku Thyolo ndinachokako ndili kumbuyo kwa amayi, kulibe wondidziwa.

Mwezi wathawu a mpingo wa Postoli anagula malowo kuti amangepo tchalitchi. Anaitanitsa msonkhano m'holo momwemo kuti aone ngati agwetse ndi khitchini yomwe. Ndinavala chitenje cha maliro, ndinalowera pakhomo lakumaso koyamba. Munali kununkha mileme.

Amene analankhula kwambiri ndi a Kumbirai, msungichuma wa mpingo, a jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ankalankhula Chishona chokhachokha. Akuti iwo ndi mwana wa nthaka ino, agogo awo anali mafumu, Chinyanja sachimva ngakhale liwu limodzi. Akuti alendo ali ndi kwawo, basi ya ku Blantyre ilipo.

Ine mwanayu ndinamubereka kumbuyo pamene amake ankathyola tiyi. Dzina lake lenileni ndi Chiyanjano. Makoko a buledi a Marcel ndi amene anamunenepetsa matako amenewo.

Abusa, munthu wofatsa wa Chimanyika, mbadwa yeniyeni ya kuno, anandifunsa ngati ndili ndi mawu. Ndinkangoona mwaye wa pakhoma, poganiza kuti mawa udzakhala fumbi, ine ndili pamsewu ndi mphasa.

Ndiye ndinangonena chapansipansi, m'Chinyanja chathu: "Chiyanjano mwanawe, chinkhanira chikukulowa m'khosi."

Bambo uja analumpha, jekete uko, ndodo uko. "Chili pati, azakhali? Chichotseni, ndafa ine!"

Abusa anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati m'Chishona: "Khitchini ikhale mpaka amayiwa Mulungu atawaitana. Tikawathamangitsa, ndiye kuti basi ya ku Blantyre inyamule awiri."

Ndiye kuti tsopano mpingo wonse ukudikira maliro anga kuti umalize kumanga. Palibe kanthu, sindifulumira.

A Kumbirai anatola jekete, akuyesa kufotokoza kuti mawuwo anangowaphunzira kwa antchito. Mayi Loness, amene anathyola tiyi mzere umodzi ndi amake, anafunsa kuchokera kumbuyo: "Nanga azakhaliwo unawaphunziranso kwa antchito?"

Amayi a mpingo ovala zoyera anaseka mpaka kugwirana mapewa. Abusa anabisa nkhope m'mkanjo, koma mimba inkawagwedera.