Zenera Lakumbuyo

"Imani mowongoka, achimwene, ndingakubayeni."

Telala anali ndi mapini pakamwa, akupinda mkono wa jekete ya malemu bambo awo. Mchimwene wakeyo, amene mpingo wonse unkamutcha Abusa Aang'ono, ankangomira m'jeketemo. Panali patangopita masiku anayi chiikireni maliro, mipando yobwereka ikadali pakhonde, koma munthu anali atayamba kale kuyesa zovala zapaguwa. M'thumba lamkati telala anapezamo kamtengo kosalala, kotalika ngati chala.

"Taya zimenezo," anatero Abusa Aang'ono.

Tisafulumire kumuweruza. Anasiya uphunzitsi zaka zisanu ndi zinayi zapitazo kuti azithandiza bambo ake: kuwanyamulira Baibulo, kuyendera odwala, kulalikira mawu awo akasasa. Tsopano akulu a mpingo anali oti akumana Loweruka kuti asankhe m'busa, ndipo anati akufuna ayambe amva mawu otsiriza a malemu. Amene anali pambali pa bedi kuchipatala anali telala yekha.

"Ukangonena kuti anatchula ine," anatero. "Si bodza lenileni. Mumtima mwawo zinali choncho."

Telala anachotsa mapini pakamwa. "Zamumtima sindinazimve, achimwene. Ndinamva zapakamwa. Anati, 'Zenera lakumbuyo lija musamatseke.'"

"Kumeneko kunali kubwebweta ndi matenda. Munthu watsogolera mpingo zaka makumi atatu, angatsanzike ndi zenera? Anthu akufuna masomphenya, mlongo wanga. Ndikapanda kusankhidwa, zaka zonsezi ndazitayira chiyani?"

Zeneralo linali lodziwika. Linali lomalizira kumanzere, loyang'ana kuseri kwa tchalitchi kumene sikupita munthu. Lamlungu lililonse, kuzizire kusazizire, abusa ankalitsegula okha. Okhala kumbuyo ankadandaula ndi mphepo, ena n'kumaseka kuti abusa amasiyira Mzimu Woyera polowera.

Mayi awo anali pakona, akupinda malaya a amuna awo. Anafunsa osadzutsa mutu.

"Lamlungu lija bambo ako ali m'chipatala unalalikira ndiwe. Zenera unatani nalo?"

"Sindinatsegule, amayi. Kunali mphepo."

Mayi aja anaika malaya pamiyendo.

"Inu munali ang'ono," anayamba. "Kunali mtsikana wina wotsogolera nyimbo. Anatenga mimba asanakwatiwe. Bambo anu anaima paguwa n'kunena kuti Mulungu wawaonetsa kuti achotsedwe. Anatuluka mpingo wonse ukumuyang'ana. Mwanayo anamwalira atangobadwa, ndipo pamalirowo panalibe wa mpingo ndi mmodzi yemwe."

"Bambo anachita zimenezo?" anafunsa telala.

"Anachita. Kenako anapita kukagwada pakhomo pake. Iye anati wawakhululukira, koma sangalowenso anthu akumuyang'ana. Anangopempha kuti azimvera Mawu ali panja, ndipo asauze munthu. Tandiuza, iwe amene wawanyamulira Baibulo zaka zonsezi, unawamvapo akunena kuti 'Mulungu wandionetsa'?"

Abusa Aang'ono anaganiza, n'kupukusa mutu.

Mayi aja anapitiriza. "Ankati, 'Ndinaona mkwiyo wanga n'kuutcha masomphenya.' Kuyambira pamenepo, nkhani ikawakulira ankakaima pazenera paja kaye asanayankhe."

Loweruka telala anaima pamaso pa akulu a mpingo n'kunena zimene anamva, osaonjezera ngakhale liwu limodzi. Akuluwo anayang'anana. Zazenera sanazimvetse, koma anamva kuti malemu sanatchule munthu. Anagwirizana zoitana m'busa wochokera kwina. Telala analira njira yonse pobwerera, chifukwa ankamukonda mchimwene wakeyo, amene ankayenda patsogolo osacheuka.

Lamlungu m'mawa Abusa Aang'ono anafika kutchalitchi anthu asanabwere, atavala jekete ija. Sanapite kuguwa. Anadutsa pakati pa mabenchi mpaka kumbuyo, n'kukankha zenera.

Panja, pansi pa zeneralo, panali kabenchi ka munthu mmodzi, kopakidwa penti yofanana ndi ya mabenchi a mkati. Anazindikira misomali yokhota ija. Bambo ake ukalipentala sunkawayanja. Pakabenchipo panakhala mayi wa imvi, buku la nyimbo lotheratu lili pamiyendo.

"Pepani ndi zovutazi," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Sabata ija nditapeza zenera lili lotseka ndinadziwa kuti abusa adwala kwambiri. Ndinakhalabe mpaka mapemphero anatha. Sindinamve kanthu, koma ndinawapempherera."

 Chisoni ndi manyazi zinamugwira Abusa Aang'ono nthawi imodzi. Atachotsa dzanja, zenera linayamba kubwerera lokha, poti chogwirira chake chinathyoka kalekale. Analigwira, n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna chochirikizira.

"Amakhala nako m'thumba," anatero mayi uja.

Anapisa dzanja m'thumba lamkati. Kamtengo kaja kanali momwemo. Mlongo wake sanakataye. Pafelemu panali kadzenje kokumbika ndi zaka, ndipo kamtengoko kanalowa ndendende. Anakokera benchi yomalizira pafupi ndi khoma, n'kukhala pamene pamawomba mphepo.