Mchere ndi Kabotolo ka Makhololo

Ku Moatize aliyense amakhosomola, ndipo palibe amene amacheuka. Ukayanika malaya oyera m'mawa, masana uwapeza atuwa. Ndiye amuna anga a Amós atayamba kukhosomola, anangoti ndi fumbi la malasha. Ntchito yawo inali yotsuka zimagalimoto za ku mgodi, moti fumbi lonse limene galimoto yatola linkathera m'mphuno mwawo.

Ine ndine Olívia. Sikola ndinalekezera setima, kalasi ya chisanu ndi chiwiri, mimba ya mwana wanga Ivete itaonekera. Ntchito yanga ndi ya ativisita: a chipatala anatiphunzitsa, natipatsa chikwama, buku lalikulu la zithunzi ndi timabotolo tolavuliramo makhololo, ndipo timayenda m'midzi ya ku Benga ndi Malabwe kukamba za matenda, zimene timati palesitira. Ndimaima pa mjigo, pa chigayo, paliponse pamene amayi aima pamzere ndipo sangathawe. Tsamba la chifuwa chachikulu ndingalinene ngakhale mutandidzutsa kutulo: chikhosomo chosatha, thukuta la pogona, kuonda. Zonsezo zinali m'nyumba mwanga, pa mphasa yanga.

"Bambo a Ivete, talavulani m'kabotoloka," ndinawauza.

"Palesitira yakoyo ukachitire ku Benga. Muno ndi m'nyumba mwanga."

"Lamba wanu mwaboolanso bowo lina. Ndaliona."

"Wasanduka kapitao wa malamba tsopano?"

Ankaopa kuti akapezeka ndi matenda, ntchito ithera pomwepo. Ine ndinkaopa china: mwamuna wanga kutha ndikuona, chonsecho timabotolo tili m'chikwama pa msomali.

Zikadali choncho, apongozi anga a Laurentina anatsika kuchokera ku Zóbuè ndi thumba la mbatatesi. Atangoona mwana wawo, thumba lija analiika pansi osamasula. Tsiku lomwelo anakwera naye shapa, minibasi ya kuno, kubwerera kumapiri. Ine ndinabereka Ivete, ndinakoleka chikwama changa, n'kuwatsatira.

Ku Zóbuè mphepo imalowa mpaka m'mafupa, koma chimene chinandizizira kwambiri ndi moni wake. Nditafika ndinalowa ku khitchini monga mkamwana aliyense, n'kutereka nyemba. Nditatambasula dzanja kuti nditenge chitini cha mchere, apongozi anayamba ndi iwo kuchigwira.

"Musathire, mayi a Ivete."

Ndinamva zonse pa mawu amenewo. Kumeneko amati mkazi akayenda njira zachibwana kunja kwa banja, kenako n'kuthira mchere m'ndiwo, mwamuna wodya ndiwozo amadwala tsempho. Amakhosomola, amaonda, amatha.

"Chikhosomo cha mwana wanga ndi tsempho," anatero, chitini chili pachifuwa. "Mkazi wotandala m'midzi tsiku lonse ndi chikwama, ndani akudziwa kumene amakhala pansi?"

Alamu anga a Hortênsia, mlongo wa amuna anga, anali pakhomo akusenda mbatatesi. "Mwina palesitira zina zimachitikira m'nyumba, chitseko chitatsekedwa," anatero osadzutsa mutu.

Mtima unandiwira, sindibisa. Ndikanatha kutulutsa buku langa n'kuwauza kuti zimenezo n'zabodza. Koma ntchito inandiphunzitsa kale: pa mjigo ukauza mayi kuti chimene amakhulupirira n'chabodza, amasenza chidebe chake n'kumapita, iwe utsale ukulankhula ndi mbuzi. Komanso sindinakwere phiri lonse lija kudzatsuka dzina langa. Ndinabwera kudzatenga makhololo.

"Amayi, mcherewo sungani," ndinatero.

A Hortênsia anasiya mpeni. "Ii, avomera!"

"Sindinavomere kanthu, alamu. Ndikusinthanitsa, monga amayi amasinthira mbatatesi ndi nsomba za ku Benga." Ndinatulutsa kabotolo m'chikwama n'kukaika pa mphasa patsogolo pa apongozi. "Ine sindikhudzanso mchere mpaka mwana wanu achire. Mankhwala anu a tsempho amwe, sinditsutsa. Koma inu muwauze alavule umu. Ine akundikanira. Inu sangakukanireni."

Apongozi anakayang'ana kabotolo kaja ngati kaluma. "Mukudziwa zimene anthu anene akamva kuti mwasiya mchere?"

"Ndikudziwa."

"Pofika mawa mudzi wonse ukhala utamva," a Hortênsia anawonjezera.

"Umve. Amene akukhosomola pa mphasa yanga si mudzi."

Apongozi anatola kabotolo kaja.

M'mawa mwake ndinawatsegulira buku kuseri kwa nyumba, ndikuwaonetsa chithunzi cha munthu wolavula: achitire panja, kutali ndi mwana, apume kwambiri, atulutse za pansi pa chifuwa, osati malovu. Anayang'anitsitsa, chala chikutsata chithunzi. Kenako anakatulutsa mwana wawo m'nyumba ngati mbuzi yokana kutuluka m'khola.

"Amama, nanunso mwalowa mpingo wa Olívia?"

"Lavula, Amós."

"Ndi fumbi chabe ili."

"Ndiye fumbilo tilione. Osati malovu, ndikukuona! Koka za pansi. Unkatha kulira mudzi wonse kudzuka, lero ukulephera kukhosomola?"

Analavula. Ndinatseka kabotolo, ndinasamba m'manja, n'kutsetsereka nako ku chipatala cha pa Zóbuè. Enfermeru wake, namwino wa pamenepo, a Policarpo, anati akatumiza ku Moatize kumene kuli makina oyezera, tidikire yankho.

Kudikirako ndi kumene ndinalipira mtengo wa msinthano wanga. Ndikafika pa chitsime, nkhani zinkaduka. Mayi wina anafuulira mwana wake dala kuti, "Kabise mchere, kwabwera alendo a ku Moatize!" Onse anaseka. Lamulungu m'tchalitchi benchi langa linali ndi malo okwanira anthu ena, koma palibe anabwera kudzakhala. Ine ndinkangochita zanga. Ndinkatsegula mazenera a chipinda cha a Amós ngakhale ankadandaula kuzizira, ndinasamutsira Ivete kwa agogo ake, ndipo nyemba zikapsa ndinkaitana mokweza kuti oyandikana nawo amve bwino: "Amayi, ndiwo zapsa, dzathireni mchere!"

Yankho litabwera, apongozi anavala nsalu yawo ya ku tchalitchi nati apita nawo, amve ndi makutu awo. A Policarpo anatikhazika tonse atatu, nanena mosazungulira kuti ndi chifuwa chachikulu, ndipo chimachizika.

"Kachilombo kakeko kamalowa ndi mchere?" apongozi anafunsa.

"Kamalowa ndi mpweya, mayi. Wodwala akakhosomola, wina n'kupuma."

"Ndiye mukuti tsempho mulibe?"

"Makina athu sayeza tsempho. Anafunafuna chifuwa chachikulu, achipeza."

"Nanga ntchito yanga?" a Amós anafunsa, mawu ali pansi.

"Wochira amabwerera ku ntchito," a Policarpo anayankha. "Amene sabwerera ndi uja wakana kuyezetsa."

Anafotokoza kuti mankhwala ake ndi a theka la chaka, osadumpha tsiku, ndipo pakufunika munthu wa pakhomo woti aziona wodwala akumeza. Ivete naye, amene ndinali nditamubereka kumbuyo, anamuyeza n'kumupatsa ake omuteteza. Atafunsa kuti woyang'anirayo akhala ndani, anayang'ana ine, poti ndine ativisita. Ine ndinaloza apongozi.

"Ine amandiyankha. Awa sawayankha."

Apongozi anangomanga mapiritsi aja pa nsonga ya nsalu yawo, mfundo ziwiri.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse kunkamveka mawu amodzi a apongozi pakhomo: "Yasamula, ndione lilime!" Mankhwala a tsempho nawo ankawiritsa, ine osanena kanthu, poti a Policarpo anali atawaona nati alibe vuto. Pang'onopang'ono thukuta linasiya. A Amós anayamba kupempha mbale yachiwiri, ndipo lamba anabwerera pa bowo lakale. Mchere sindinaukhudze. Pangano ndi pangano.

Tsiku lina Loweruka, amayi a Lejio, gulu la mapemphero, anali ndi msonkhano pa tchalitchi, wophika nawo chakudya. Apongozi anandiuza kuti ndinyamule chikwama. Ndinadabwa, koma ndinanyamula. Mapemphero atatha anandiimitsa kutsogolo kuti ndigwire buku, iwo natola kamtengo kolozera.

"Tsempho lilipo," anayamba, "musamve kuti Laurentina wakana za makolo. Koma si chikhosomo chilichonse. M'mudzi muno muli amuna angati amene abwera kuchokera ku malasha akukhosomola? Mwalanda akamwana anu mchere, kodi chikhosomo chasiya?"

Mayi uja wa pa chitsime anayang'ana pansi.

"Inu a Silvia, mwana wanu ndimamumva ndili kwathu. Onani chithunzichi. Achitire panja, akoke za pansi, osati malovu. Akakana, mundiitane."

Amayi anaseka, ndipo kuseka kuja kunamasula pakamwa pawo. Mafunso anagwa ngati matalala: nanga mbale, nanga mwana woyamwa, nanga kugona nyumba imodzi? Amenewo ndinayankha ine, mmodzimmodzi, monga ndimachitira ku Benga, koma apa palibe anasenza chidebe. Timabotolo tonse tinatha m'chikwama. A Silvia anatenga tiwiri.

Kenako tinapita ku mapoto. Nyama ya nkhumba inali itapsa mu mphika waukulu, amayi onse atazungulira. Apongozi anatenga chitini cha mchere, nachikankhira kwa ine ndi phazi, pamaso pa onse.

"Mayi a Ivete, thirani."

"Amayi, sanamalize mankhwala. Tinapangana mpaka achire."

"Pangano ndi langa, ndalimasula. Thirani, anthu ali ndi njala."

Ndinatapa ndi dzanja langa, ndinathira, ndinatakasa. Apongozi anatenga chipande, analawa, natafuna pang'onopang'ono amayi onse akuwayang'ana.

"Wachepa," anatero. "Dzanja laiwala ntchito. Onjezani."