Maluwa a M'mbali mwa Khonde

Chinalakwitsa zinthu ndi pakamwa pa Rahma. Atabwera kutchuthi kuchokera ku yunivesite, komwe ankafufuza za mankhwala a khansa, anafuna kuwalimbitsa mtima mayi ake, a Asiyatu, amene dilipi ya mankhwala a khansa ya kuchipatala cha ku Lilongwe inali itawathothola tsitsi lonse. Anawalozera timaluwa tapinki tam'mbali mwa khonde, nati amodzi mwa mankhwala a m'dilipimo anachokera m'chitsamba chomwecho. Posonyeza mmene mankhwalawo anapangikira, anajambulanso pamchenga timphete togundana, makona ake a kaboni, kona imodzi ya naitulojeni, n'kunena kuti timphete totere tili m'mankhwala ambiri oletsa khansa kuswana.

Amalume ake, a Kalilu, eni mbumba, anatolapo zowakomera zokha. M'mawa wa tsiku la ulendo wa kuchipatala, Rahma anapeza mphika uli pamoto, masamba a maluwa aja akubwata. A Kalilu anali atagamula kale kuti mlongo wawo asakazunzikenso m'minibasi, poti mankhwala ali pakhomo pomwepo, ndipo wanena ndi mwana wophunzira. Abale onse anangoti eya. Pabanjapo mawu a malume sankabwezedwa.

Rahma anachita mantha, komanso mtima unamupsa. Anagwada mwaulemu n'kufotokoza kuti m'masambamo mankhwalawo ndi kadontho chabe, kosakanikirana ndi zina zoononga thupi, ndipo kuphonya dilipi n'kuipatsa khansa mpata. A Kalilu anamukumbutsa kuti digiri siisandutsa mwana wamkazi kukhala mwini mbumba, nalamula kuti kapu ibwere.

Mtsikanayo anaimirira, natenga chigamba, n'kukhuthulira mphika wonse pamchenga, pomwe paja anajambula timphete.

"Amalume, mundikane ngati mukufuna. Koma amayi akukwera minibasi lero."

A Kalilu anati amene atuluke pakhomopo popanda chilolezo chawo asadzawaitanenso pamaliro kapena paukwati, ndipo anafunsa ngati mlongo wawo sanakhute kumetedwa ndi mankhwala achizungu.

A Asiyatu anatulukira pachitseko atamanga kale mpango, chikwama chili m'manja. Chibadwire anali asanawayankhepo achimwene awo. Analumpha madzi obiriwira aja pang'onopang'ono, nagwira phewa la mwana wawo.

"Tsitsi lidzamera, achimwene," anatero. "Ine mukandikwirira sindimeranso."